Kamera ya a Sekani Ikupita ku Mzuzu

Nsungwi, Eliya 25
Lamulungu lomaliza la Seputembala

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Lero masana, titaweruka ku tchalitchi, pakhomo pano panali amayi ako, amalume ako a Gelesomu a ku Biwi ndi akazi awo, iweyo ndi ine. Tinasonkhana kuti tikutsazike, popeza mawa m'mawa ukukwera basi ya ku Mzuzu kukayamba sukulu ya utolankhani. Amalume ako analankhula, akazi awo analankhula, amayi ako analankhula mpaka tiyi anazizira. Itafika nthawi yanga ndinangoti kamera ndakupatsa, upite nayo. Iwe unayankha pamaso pa onse kuti, "Ayi adadi, kamera ndikuisiya. Ndikaitenga, inu muzidya chiyani?" Amalume ako anati, "Mwanayu waganiza bwino, alamu." Ine ndinangoyang'ana pansi. Umandidziwa, pagulu mawu anga sathamanga. Pomwe ndimati ndawapeza, anthu amakhala atayamba kale nkhani ina. Ndiye ndakhala pakhonde pano dzuwa lisanalowe, ndi bolopeni ndi mapepala otsala a m'kope lako la Folomu 4, kuti ndikuyankhe bwinobwino. Zilembo zikukula chifukwa cha maso, usadabwe.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Funso lako lija linandilowa mumtima. Alipo ana amene amachoka pakhomo atanyamula ndi ndowa yomwe, osacheuka. Iwe ukufuna kusiya chinthu chimene a kusukulu anena kuti amene ali nacho abwere nacho, chifukwa choganizira mimba ya bambo wako. Zikomo, mwana wanga. Za chimene ndizidya ndikuyankha kumapeto kwa kalatayi. Uyambe wamva za kamerayo, pakuti ine maganizo anga sanasinthe, ikupita nawe. Zogwira ndi manja ukuzidziwa, wakhala ukundiona. Chimene sunamvepo ndi momwe ndinaziphunzirira, ndipo zonse ndinaziphunzira polakwitsa.

Kamera yanga yoyamba inali ya filimu. Ndinaigula ndikugwira ganyu ya fodya ku Kanengo, iwe usanabadwe. Ndi imene inandipatsa dzina loti a Sekani, chifukwa cha mawu aja ndimanena ndisanadine, oti "sekani pang'ono." Ya filimu inali yokhululuka. Chithunzi chilichonse chinali ndi malo akeake pa filimu, ndipo fumbi likagwera pamodzi linkapita ndi chithunzi chimodzi chomwecho. Iyi ya masiku ano si choncho. M'kati mwake, kuseri kwa lenzi, muli kagalasi kamodzi kokha kamene kamalandira zithunzi zonse, kaja timati sensa. Kafumbi kakakhala pamenepo kamatuluka pa chithunzi chilichonse, malo omwewo, mpaka utakachotsa. Ine zimenezi panalibe wondiuza. Amene anandigulitsa anali atangochokera ku Joni, anandionetsa poyatsira ndi podina, basi.

Chaka chomwe ndinaigulacho, mu Okutobala, ndinajambula chinkhoswe ku Mtsiliza. Mtsikana wake anali Esinati. Iwe ukudziwa chizolowezi changa, mwini tsiku ndimamuika pakati, ndi kusiya mlengalenga pang'ono pamwamba pa mutu wake. Zithunzi zitatsukidwa ndinakazipereka osaziyang'anitsitsa. Sabata isanathe kunabwera uthenga woti ndifike msanga. Ndinapeza zithunzi zitayalidwa pamphasa, a kuchimuna mbali iyi, a kuchikazi mbali iyo, ankhoswe pakati, popanda woseka. Azakhali a mnyamata ndi amene ankalankhula.

"Bambo wojambula, takhalani apa. Ichi n'chiyani?"

Pamwamba pa mutu wa Esinati panali kadontho kakuda, kozungulira ngati nkhupakupa.

"Apa wanyamula nkhuku, chilipo. Apa akulandira lichero, chilipo. Apa akuvina, chilipo. Pa mwana wathu palibe. N'chiyani chikumulondola mtsikanayu? Ife sitikufuna kulowetsa zinthu m'banja mwathu."

Mayi ake a Esinati anati, "Mwana wanga ndi wa kwaya, alibe kanthu." Azakhali aja anati, "Akwaya salodzedwa?" Mtsikanayo ankalira kuseri kwa nyumba. Ine ndinangopempha kuti andipatse mpaka mawa.

Kunyumba ndinapeza amayi ako akusankha nyemba. Nditawafotokozera, sanadzutse ndi mutu womwe. Anati, "Tajambulani khoma ili, tione ngati nalonso likulondoledwa." Ndinajambula khoma, ndi kukulitsa chithunzi pa kasikirini ka kumbuyo. Kadontho kalipo. Ndinajambula beseni, kalipo. Ndinajambula iweyo ukusewera pamphasa, kalipo pamwamba pa mutu wako. Amayi ako anati, "Ndiye nyumba yonse ino yalodzedwa, kuyambira beseni." M'mawa mwake ndinabwerera ku Mtsiliza, ndi kuwapempha azakhali aja kuti aime pabwalo. Ndinawajambula, ndi kuwaonetsa. Anayang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Inenso?" Ndinati, "Inunso, mayi. Ngakhale mbuzi iyo." Anati ndiijambule mbuziyo aone okha. Ndinaijambula. Ataona kadontho pamwamba pa nyanga, anaseka mpaka kugwira nthiti, ndipo anati, "Bambo inu, fumbi lanulo likanatiphera ukwati." Ukwati unachitika, ndipo ana a Esinati ndawajambula ndine pa ubatizo wawo. Koma sindiiwala kulira kwake kuseri kwa nyumba ija. Amayi ako ndimawathokoza mpaka lero chifukwa cha khoma lija.

Choncho Tadala, usanapite kukajambula za anthu, uyambe wajambula mlengalenga mopanda mitambo, kapena pepala loyera. Nambala ija ya F uiike pa 16 kapena pa 22, pakuti khomo la kuwala likachepa m'pamene fumbi limaonekera. Ukatero ukulitse chithunzi ndi kuyenda nacho ngodya ndi ngodya, osathamanga. Anthu amene udzawajambule sadzadziwa za sensa. Adzangoona chinthu pa nkhope ya mwana wawo, ndipo aliyense adzachimasulira monga akudziwira. Uyambe wayang'ana, mwana wanga. Ngakhale galimoto ikuimba hutala panja, uyambe wayang'ana.

Nditadziwa kuti vuto ndi fumbi, ndinachita zimene aliyense wa kwathu ku Dedza amachita chitsotso chikalowa m'diso la mnzake. Ndinachotsa lenzi ndi kuuziramo ndi pakamwa. Ndinali nditangodya chimanga chootcha. Kadontho kanali kamodzi, tsopano timadontho tinali tosawerengeka. Poona choncho ndinatenga kampango ka m'thumba, ndi kunyowetsa nsonga yake ndi sipiriti wapepo uja timapaka tikameta ndevu, ndi kupukuta. Zithunzi zinatuluka ngati padutsa nkhono. Ndinakwera minibasi ya m'tauni, kupita kwa mkulu wina wokonza makamera ndi mawotchi pafupi ndi msika, dzina lake a Yusufu. Anavala kagalasi kawo ka diso limodzi, anasuzumira, ndi kufunsa kuti, "Achimwene, mwaidyetsa chiyani kamerayi?"

Ndinati, "Ndinangoiuzira pang'ono."

"Ndi pakamwa pomwe mwadyera chimangapo? Gaga wake ndi uyu."

Sanandisekenso kupitirira apo. Anandikokera mpando, anati ndikhale ndizionerera. Mawu awo anali oti m'kamwa mwa munthu muli mvula, ngakhale iye akuona ngati mouma. Mwamwayi kampango kaja sikanakande galasi. Kakanakhala ndi kamchenga kamodzi kokha, kamera ikanathera pomwepo, ndipo sindikudziwa kuti fizi yako ikanachokera kuti. A Yusufu anabwerera kwawo ku Mangochi kalekale, sindikudziwa ngati alipo. Zimene ndikulemba apazi ndi zawo. Anandipatsa osandiwerengera, inenso ndikukupatsa momwemo.

Choyamba ndi kampira kopopera mpweya kaja kali m'thumba la m'mbali mwa chikwama. Kamera uiyang'anitse pansi, kuti chimene chachoka chigwe panja, osati kubwerera m'kati. Nsonga ya kampira isalowe m'kati, iime pakhomo. Upope kangapo, ubwezere lenzi, ujambulenso mlengalenga. Nthawi zambiri zimathera pomwepo. Ndipo kumbukira kuti chithunzi chimafika pa sensa chitazondoka. Kadontho kakaoneka kumtunda kwa chithunzi, ukafunefune kumunsi kwa galasi. Ine ndinataya masana athunthu ndikupopa mbali yolakwika.

Kakakana kuchoka ndiye kuti kamata, ndipo m'pamene ungatenge kamtengo kopukutira kaja kokhala ndi kansalu kumapeto, amati swabu. Udonthezepo dontho limodzi kapena awiri a madzi ake a m'kabotolo, osaposa. Uyende nako kamodzi kuchokera mbali iyi kufika mbali iyo, dzanja lopepuka, osaima panjira. Utembenuze, ubwerere kamodzi, ukataye. Ndikudziwa kuti mwana woleredwa m'nyumba muno zimamuvuta kutaya chinthu chooneka chatsopano. Ifeyo ndi anthu otsuka jumbo ndi kuiyanika. Koma kamtengo aka ukataye, pakuti kanyamula mchenga womwe umati uchotse. Thonje la m'makutu ayi. Tishu ayi. Nsonga ya chitenje ayi, ngakhale chochapa kumene. Pampu ya njinga ayi, imalavula mafuta. Pakamwa ayi, Tadala, pakamwa ayi.

Kulakwa kwina kunabwera chifukwa cha mantha. Zitachitika za ku Mtsiliza ndinayamba kupukuta sensa Loweruka lililonse, kaya pali kanthu kaya palibe. Timitengo tinkatha ngati machesi. Nditapita kukagula tina, a Yusufu anandifunsa kuti, "Kodi mukutidya?" Nditawauza, anapukusa mutu. Anati nthawi iliyonse imene munthu wakhudza galasi limenelo, wachita juga ndi kamera yake. Ukhudze pokhapokha kampira kalephera. Ndipo si fumbi lonse limene lili ndi mlandu. Lina umaliona ukasuzumira pa kawindo ka diso, koma pa chithunzi silituluka, chifukwa lili pa kalilole ka m'kati kamene kamatumiza chithunzi ku diso, osati pa sensa. Limenelo ulisiye. Choweruza ndi chithunzi cha mlengalenga chija. Chikatuluka choyera, tseka kamera, kachite zina.

Nthawi ina magetsi anazima kuyambira Lachinayi, ndipo Loweruka ndinali ndi ntchito yojambula povundukula chiliza ku Mgona. Batire linali litatsala pang'ono, lija lotchipa limene limanama kuti likadali ndi moto. Ukudziwa kuti popukuta, kamera imakweza kalilole ndi kutsegula kachitseko kopyapyala ka kutsogolo kwa sensa, ndipo chimene chimazigwira kuti zisatsike ndi batire. Ndinati ndichita msanga. Nditangotulutsa kamtengo, ndinamva kuti thapu, zonse zatsekeka zokha. Kakanakhala kakadali m'kati, kachitseko kakanathyoka, ndipo kameneko kuno kulibe wosoka. Ndinakhala pampando nditagwira mutu. Amayi ako anandifunsa ngati ndi malungo. Batire likhale lodzaza, mwana wanga. Ngati magetsi kulibe, dikira. Kuli bwino kupita ndi kadontho, n'kudzakafufuta pa kompyuta, kusiyana ndi kupita wopanda kamera.

Malo opukutira uwasankhenso. Chitseko ndi mawindo zikhale zotseka. Osati pomwe angosesa kumene, pakuti fumbi la tsache limachedwa kutera. Tebulo uyambe walipukuta ndi nsalu yonyowa. Osati pabedi, bulangete limatulutsa ubweya umene maso saona. Kusukuluko mukakhala angapo m'chipinda chimodzi, wina akupesa tsitsi, wina akukutumula nsapato. Dikira atuluke.

Koma kuchotsa fumbi n'kochepa, chachikulu ndi kusalilowetsa. Ichi ndinachiphunzira pa ukwati wina ku Kawale, pabwalo la tchalitchi, mwezi wa dzuwa. Perekaniperekani anali atafika pachimake, azimayi a chigwirizano akuvina mzere, fumbi lili tolo mpaka kuphimba akwati. Ndinafuna kuwakokera pafupi akwatiwo, ndiye ndinachotsa lenzi yaifupi pomwepo, kamera ili chiyakire, kukamwa kwake kuli m'mwamba ngati mwana wa mbalame, ine ndikufufuza lenzi yaitali m'chikwama. Chivindikiro ndinachiponya m'thumba la jekete momwe munali makoko a mtedza. Zithunzi zonse zochokera pamenepo mpaka podula keke zinatuluka ndi nthomba. Ndinakapepesa, ndipo mayi a mkwatibwi anangoti, "A Sekani, ife tikadziwa bwanji kuti uyu ndi mwana wathu kapena nkhanga?" Anandikhululukira, koma ukwati wa mng'ono wake anaitana wina.

Ndiye posintha lenzi uzichita chonchi. Uganize usanafike pamalo kuti ufuna lenzi iti, kuti ngati n'kotheka usasinthe n'komwe. Zikavuta, choka pagulu, lowa m'nyumba kapena m'galimoto. Ngati palibe, fulatira mphepo. Zimitsa kamera, pakuti ikakhala yoyaka imakoka fumbi ngati chipeso chopakidwa pa tsitsi. Lenzi inayo ikhale ili kale m'manja, kumbuyo kwake utakupopa. Kamera iyang'ane pansi. Chotsa, lowetsa, tseka. Zivindikiro ziwirizo uzilumikize pamodzi, usaziike m'thumba la chovala. Chikwama chomwe uzichikutumula, chifukwa nacho chimasunga mchenga m'makona. Ndipo usamale ndi chipinda chimene mkwatibwi akudzikonzera. Mumaoneka mwaukhondo, koma phawuda amene akuuluka m'menemo ndi woipa kuposa fumbi la pamsewu, amamata. Kamerayi imadzigwedeza yokha m'kati ukamaizimitsa, kuti igwetse tofewa. Chimenecho uchisiye chizigwira ntchito, koma usachidalire. Amene anachipanga sanaone Okutobala wa ku Lilongwe.

Pali nkhani ina imene usakawauze amalume ako kuti ndakuuza. Chaka china anabwereka kamerayi kuti akajambule timu yawo ya mpira ya ku Biwi. Ndinachita manyazi kukana, poti ndi alamu. Itabwera, chithunzi chilichonse chinali ndi mtambo pakati. Nditasuzumira ndinapeza chidindo cha chala pa kalilole, china chakuya m'kati. Nditawafunsa mwaulemu, anati, "Alamu, ndimangofuna kuona pomwe zithunzizo zimakhala." Analibe cholinga choipa. Anzako akusukulu nawonso sadzakhala ndi cholinga choipa. Adzati, "Tibwereke pang'ono, Tada, tikubwezera pompano." Usakhale womana, ifenso tafika pano chifukwa cha anthu. Koma ajambule iwe uli pomwepo, ndipo lenzi asachotse. Ukaona kuti kukana kukukuvuta, uziti bambo anga analetsa. Ine ndili kutali, andida ndili kuno.

Ku Mzuzu sindinafikeko, koma amene anakhalako amati mvula yake siitha msanga ndipo zovala zimachedwa kuuma. Kumeneko mdani wina ndi chinyontho. Kamera ikakhalitsa m'chikwama chotseka, m'kati mwa magalasi mumamera nguwi ngati ulusi wa kangaude, ndipo imeneyo kampira sikachotsa. Ndakuikira timapaketi toyamwa chinyontho, tija timapezeka m'makatoni a nsapato zatsopano. Ndakhala ndikutola kwa anyamata ogulitsa nsapato pa Nsungwi, amandiseka kuti a Sekani ayamba mankhwala. Dzuwa likawala uziyanika timapaketito. Kamera usaiike pansi pa bedi kapena kuigunditsa kukhoma. Ndipo uziigwiritsa ntchito. Imene ikuyenda siichita nguwi, imachita ndi yongokhala.

Tsopano ndifike pa iwe. Zaka ziwiri zapitazi, amene wakhala akuyang'ana chithunzi cha mlengalenga ndi iwe. Ine ndinkajambula, n'kukupatsa kamera ngati ndikufuna kukuphunzitsa, iwe n'kunena kuti, "Adadi, pali kawiri kumanzere," kapena, "Ili bhobho, pitani." Tonse tinkadziwa kuti si maphunziro, koma sunanenepo. Kuchipatala anati ndi ng'ala, maso onse awiri, lamanja kwambiri, ndipo anati ndidikire adzandiitana. Nkhope za anthu ndimaziona, msewu ndimauona. Kafumbi ka pa sensa sindikaona.

Mu Ogasiti, utapita ku Dedza kukatsazika agogo ako, ndinajambula ukwati wa ku Chinsapo ndekha. Ndinachita zonse monga mwa nthawi zonse. Ndinajambula mlengalenga, ndinakulitsa, ndinayenda ngodya ndi ngodya, ndinaona poyera. Utabwera unatenga khadi ya zithunzi, ndi kubwereka laputopu kwa mnzako Maria, n'kumati ukuyeserera za kusukulu. Unakhala pa laputopuyo masiku angapo. Amene anandiuza ndi amayi ako, sabata yatha. Anati panali kaubweya kopindika kodutsa pa velo ya mkwatibwi, pa chithunzi chilichonse, ndipo unkafufuta chimodzichimodzi mpaka zonse zinatha. Eni ake anandiyamikira kuti zithunzi zatuluka bwino, ine n'kumavomera. Tadala, sindikudziwa kuti ndikuthokoze ndi mawu ati. Unasunga dzina langa, unasunganso nkhope yanga, poti sunafune ndichite manyazi. Mulungu akuone.

Koma taganiza, mwana wanga. Iwe ukapita, wofufuta adzakhala ndani? Amayi ako anathandiza ndi khoma, koma laputopu saigwira. Ndidzapereka zithunzi kwa anthu ndili wokondwa, ndipo kwinakwake mtsikana wina adzalira kuseri kwa nyumba chifukwa cha ine. Amene saona fumbi sangasunge kamera, ndipo sayenera kulandira ntchito ya tsiku limene silibwereranso. Ukwati sauchita kawiri kuti wojambula akonze. Ichi ndachiganiza mofatsa, si chifukwa chokumvera chisoni iwe ayi.

Nali tsono yankho la funso lako. Lachisanu ndinapita ku Kawale kwa a Chimphepo, mnzanga uja timajambula naye maukwati aakulu, ndi kuwapatsa maukwati awiri amene ndinalandira a mwezi wa Okutobala. Mabanja onse awiri ndawauza ndekha, avomera. Dzulo, iwe uli kolukitsa tsitsi, ndinatsitsa chikwangwani chathu pa mpanda. Sunazindikire chifukwa unabwera kutada, ndipo lero maganizo ako anali pa ulendo. Kuyambira Lachiwiri ndizikhala pa benchi ya amayi ako mumsika wa Nsungwi. Akhala akudandaula kuti akapita kukapikula nyemba ndi kachewere ku Dedza, benchi imagona tsiku lathunthu. Tsopano siizigonanso. Nyemba ndimaziona, mbale yoyezera ndimaiona, ndipo chenje ndimawerenga bwino kuposa iwo, ngakhale savomera.

Nditawauza anandiyang'ana, n'kunena kuti, "Inu ndi mawu anu apansiwo, makasitomala adzakumvani?"

Ndinati, "Nyemba zabwino sizifuna kukuwa."

Anati, "Chabwino. Koma munthu akafunsa mtengo mumuuze mtengo, osati sekani pang'ono."

Choncho tidya, mwana wanga. Mwina si nyama Lamulungu lililonse, koma tidya. A kuchipatala akadzandiitana ndidzapita, amayi ako adzandiperekeza. Maso akadzatseguka ndidzayamika Mulungu, ndipo ndidzaona bwino zithunzi zimene uzidzatitumizira pa foni. Kamera sindidzaifunanso. Yandigwirira ntchito yake, yakulera, yakufikitsa Folomu 4, ndipo ndikuiyamika monga munthu amayamikira ng'ombe imene yamulimira. Ukaisiya, ikhala mu kabati umo, mvula ibwere ichite nguwi, ndipo siidyetsa munthu aliyense, ine kapena iwe. Ukaitenga, ikuphunzitsa ntchito, ndipo anzako akamachita mabefide ndi zikondwerero ikupezera sopo.

Ndaika zonse m'chikwama chake: malenzi awiri, mabatire awiri, tchaja, kampira, timitengo tatsopano ndi kabotolo kake. Sensa sindinaikhudze, ndasiyira iwe. Kalatayi ndiika pamwamba pa zovala zako kuti uiwerenge tisanagone. Ukawerenga usabwere kudzatsutsana nane, ukudziwa kuti pakamwa undigonjetsa. Ngati uli ndi mawu, ukawalembe uli ku Mzuzu, ndidzapempha amayi ako andiwerengere.

Ambuye amene anakusunga m'nyumba ya lendi ino akakusungenso kumeneko. Mawa m'mawa chikwama chachikulu ndinyamula ndine mpaka pa siteji ya minibasi. Cha kamera unyamule wekha.

Ndine bambo wako,
amene a Nsungwi amati a Sekani